Mbiri ya Central Tracing Agency, Ofesi Yolumikiza Msilikali ndi Kwawo

Msilikali akamapita ku nkhondo, boma limamupatsa mfuti, yunifolomu, nsapato ndi chakudya. Chimene silitha kumupatsa ndi yankho la mafunso amene amamusowetsa tulo. Kodi mkazi uja anamusiya ali woyembekezera anachira bwino? Mayi akadali moyo? Kumunda kwakolola? Kumudzi nakonso mitima imakhala ili m'mwamba, osadziwa ngati mwana wawo ali moyo, wavulala, kapena ngati nthawi yakwana yoti akhuze maliro opanda mtembo. Msilikali akakhala pakati pa anzake, positi ya asilikali imayesetsa kunyamula makalata. Koma akangogwidwa ndi adani, kapena kugonekedwa m'chipatala cha mbali inayo, njira imaduka, pakuti maiko amene akumenyana satumizirana makalata. Pofuna kulumikiza njira yodukayi m'pamene panabadwa ofesi imene lero imatchedwa Central Tracing Agency, nthambi ya bungwe la Red Cross la padziko lonse, ICRC, imene likulu lake lili ku Geneva m'dziko la Switzerland. Ofesiyi inakwanitsa zaka 150 mu 2020.

Chiyambi chake chimakhudza nkhondo ya ku Solferino, kumpoto kwa Italy, pa 24 Juni 1859, pamene asilikali a France ndi Sardinia analimbana ndi a Austria. Henry Dunant, wamalonda wa ku Geneva amene anafika m'deralo pa zifukwa za bizinesi, anapeza ovulala masauzande ataunjikana m'tauni ya Castiglione, ndipo anayamba kuthandizana ndi amayi a m'tauniyo kuwapatsa madzi ndi kuwamanga mabala. Ena mwa amene anali pafupi kutsirizika sankapemphanso mankhwala. Ankangoti wina alembere makolo awo kuwauza kumene mwana wawo wafera, ndipo Dunant analembadi. Mu 1863 iye ndi anzake anayi, Gustave Moynier, Guillaume-Henri Dufour, Louis Appia ndi Théodore Maunoir, anakhazikitsa komiti imene inadzakhala ICRC, ndipo mu 1864 maiko anasaina pangano loyamba la Geneva loteteza asilikali ovulala. Panganolo linkanena za zipatala, madokotala ndi ngolo zonyamula odwala. Za makalata silinanene kanthu.

Nkhondo ya France ndi Prussia itabuka mu Julayi 1870, komiti ija inatsegula ofesi mumzinda wa Basel, pamene pamakumana malire a Switzerland, France ndi Germany. Cholinga choyamba chinali kulandira ndi kugawa mankhwala, nsalu zomangira mabala ndi thandizo lina. Sipanapite nthawi, ogwira ntchito anaona kuti odwala ambiri akuvutika ndi nkhawa kuposa mabala, chifukwa abale awo sankadziwa kumene ali. Ofesi ya ku Basel inayamba kupempha mbali zonse ziwiri kuti zizipereka mayina a ovulala amene zikusunga, n'kumawasindikiza, komanso kuwolotsa makalata pamalire. Panali vuto limodzi la malamulo. Chizindikiro cha mtanda wofiira chinali cha ovulala ndi odwala okha, choncho msilikali wogwidwa ali bwinobwino analibe gawo m'panganolo. Pofuna kuti asaphwanye lamulo, anthu a ku Basel anakhazikitsa ofesi ina yapadera ya akaidi a pa nkhondo, n'kuipatsa chizindikiro cha mtanda wobiriwira. Nkhondo itatha, maofesi onsewa anatsekedwa. Ina inadzatsegulidwa ku Trieste mu 1877 pa nkhondo ya Russia ndi Turkey, ina ku Belgrade mu 1912 pa nkhondo za ku Balkans, iliyonse n'kumatsekedwa mfuti zikatonthola.

Kukula kwenikweni kunadza mu 1914, nkhondo yoyamba ya padziko lonse itabuka. Pa 21 Ogasiti chaka chimenecho, pulezidenti wa ICRC, Gustave Ador, ndi komiti yake anatsegula ofesi yoona za akaidi a pa nkhondo ku Geneva. Poyamba anali anthu owerengeka, moti mamembala a komiti ankatsegula okha maenvulopu. Nkhondo ya pa mtsinje wa Marne itachitika mu Sepitembala, makalata anayamba kufika masauzande patsiku, ochokera kwa amayi, akazi ndi alongo a asilikali amene anangoti zii. Mu Okutobala ofesi inasamukira m'nyumba yosungiramo zojambula ya Musée Rath, ndipo pofika kumapeto kwa chaka inali ndi anthu ongodzipereka pafupifupi 1,200, ambiri mwa iwo akazi. Wolemba mabuku wa ku France, Romain Rolland, anagwirako ntchito. Marguerite Cramer, amene ankatsogolera nawo gawo loona za asilikali a France, Britain ndi anzawo, anadzakhala mkazi woyamba kulowa m'komiti ya ICRC mu 1918. Dokotala Frédéric Ferrière anaumirira kuti patsegulidwenso gawo la anthu wamba otsekeredwa, ngakhale panalibe pangano lililonse lowateteza, ndipo gawolo linatsegulidwa.

Njira imene ankagwirira ntchito ndi yoyenera kuifotokoza bwino, chifukwa ndi imene bungweli likutsatabe mpaka pano ngakhale makompyuta analowa m'malo mwa makatoni. Kalata ikafika kuchokera kwa banja, mlembi ankalemba khadi: dzina la msilikali, gulu lake, tsiku limene anamveka komaliza, ndi keyala ya wofunsa. Mndandanda wa ogwidwa ukafika kuchokera ku Berlin, Paris kapena London, alembi ena ankalembera dzina lililonse khadi lakelake, losonyeza msasa kapena chipatala chimene munthuyo ali. Makhadi a mitundu iwiriyi ankaikidwa m'katoni imodzi motsatira mayina. Tsiku limene khadi la funso lakumana ndi khadi la yankho, banja linkalemberedwa kalata. Zikumveka zophweka, koma dzina la Mfalansa lolembedwa ndi kalaliki wa Chijeremani wotopa linkatuluka lopotoka, choncho alembi anayamba kusanja mayina motsatira kamvekedwe kake m'malo mongodalira kalembedwe. Amene anaonapo momwe dzina la Phiri kapena Nkhoma linkalembedwera m'mabuku a atsamunda angamvetse vutoli. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kumeneku kunabala makhadi pafupifupi 5 miliyoni. Makalata ndi maphukusi enieniwo ankanyamulidwa ndi positi ya Switzerland popanda sitampa, pakuti mapangano a ku The Hague a 1899 ndi 1907 anali atalamula kale kuti makalata a akaidi a pa nkhondo aziyenda mwaulere. Ntchito ya pakati pa Germany ndi Russia inagwiridwa ndi Red Cross ya ku Denmark mumzinda wa Copenhagen. Mu 1917 ICRC inalandira mphotho ya mtendere ya Nobel. Makhadi aja alipobe, ndipo bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa zolembedwa zofunika padziko lonse mu 2007. Kuyambira mu 2014 aliyense akhoza kuwafufuza pa intaneti.

Nkhondo yomweyo inafikanso kwathu kuno. Makolo athu ankaitcha nkhondo ya chiwaya. Ku Karonga kunamenyedwa mu Sepitembala 1914, ndipo m'zaka zotsatira asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland anathamangitsana ndi gulu la asilikali a Germany lotsogozedwa ndi von Lettow-Vorbeck kudutsa Tanganyika ndi Mozambique. Amuna pafupifupi 200,000 a m'dziko lino anatengedwa kukasenza katundu ngati amtengatenga. John Chilembwe anali atadandaula kale m'kalata yake yopita ku nyuzipepala ya Nyasaland Times kumapeto kwa 1914 kuti nkhondo ya azunguyi idzasiya akazi amasiye ndi ana amasiye m'midzi ya anthu akuda. Ofesi ya ku Geneva inkadalira mayina amene maboma apereka, ndipo mtengatenga amene anagwa m'njira ndi kamwazi kapena njala kawirikawiri sankalembedwa paliponse. Banja lake linkamva kwa mnzake wobwerako, kapena osamva konse. Mbiri ya bungweli ikamakambidwa, mfundo imeneyi isamabisidwe: linkatha kupeza munthu yekhayo amene wina anavomera kumulemba dzina.

Zimene zinaphunziridwa mu 1914 zinalowa m'pangano la Geneva la 1929 lokhudza akaidi a pa nkhondo, limene linalamula kuti pazikhala ofesi yaikulu m'dziko losalowerera, komanso kuti wogwidwa aziloledwa kutumiza khadi kwawo pasanathe sabata chifikireni kumsasa. Pa nkhondo yapachiweniweni ya ku Spain, kuyambira 1936 mpaka 1939, m'pamene panafala fomu imene lero imatchedwa uthenga wa Red Cross: pepala losamata, lokhala ndi malo a mawu 25 okha, ndipo kuseri kwake kuli malo a yankho. Linali lalifupi dala kuti oyang'anira makalata a mbali zonse azitha kuliwerenga msanga n'kuona kuti mulibe chinsinsi cha nkhondo. Mawu 25 ndi ochepa, koma amakwanira kunena kuti ndili moyo, mwana anabadwa, agogo anatisiya.

Mu Sepitembala 1939, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itabuka, ofesi inatsegulidwanso ku Geneva, m'holo yaikulu ya Palais du Conseil Général. France itagonja mu Juni 1940, asilikali ake oposa miliyoni ndi theka anagwidwa m'masabata ochepa, ndipo maboma analephera kulemba mindandanda mwamsanga. Apa chimene chinathandiza ndi khadi lolembedwa ndi mkaidi mwiniwake n'kutumizidwa mwachindunji ku Geneva, limene kawirikawiri linkafika mndandanda wa boma usanafike. Antchito anakwana pafupifupi 3,000, ena akugwirira m'matauni ena a Switzerland, makhadi anapitirira 30 miliyoni, ndipo kampani ya IBM inapereka makina osankhira makhadi obooledwa. Zombo zopakidwa mtanda wofiira zinkayenda pakati pa Lisbon ndi Marseille zitanyamula maphukusi ndi matumba a makalata. Pofika kumapeto kwa nkhondo, mauthenga okwana pafupifupi 120 miliyoni anali atadutsa m'manja mwa ofesiyi, ndipo ICRC inapatsidwanso mphotho ya Nobel ya chaka cha 1944.

Komabe nthawi yomweyi ndi imene bungweli linalephera koposa. Soviet Union sinali m'pangano la 1929, ndipo iyo ndi Germany sizinapatsane mindandanda yoti n'kuthandiza. Mwa asilikali a Soviet Union oposa 5 miliyoni amene anagwidwa ndi Ajeremani, oposa 3 miliyoni anafa, ambiri popanda khadi ngakhale limodzi lofika kwawo. Japan inasaina panganolo koma sinalivomereze mwalamulo, ndipo mayina a ogwidwa inkapereka mochedwa komanso operewera, moti akaidi ena ku Burma ndi Thailand ankalandira kalata itatha chaka m'njira. Choipitsitsa chinali cha Ayuda ndi ena amene ankaphedwa m'misasa ya chipani cha Nazi. Mu Okutobala 1942 komiti ya ICRC inakambirana zodzudzula poyera nkhanza zochitikira anthu wamba, koma inasankha kukhala chete, poopa kuti ingatsekeredwe khomo la ku misasa ya akaidi a pa nkhondo. Patapita zaka zambiri, bungweli linavomereza lokha kuti kumeneku kunali kulephera kwakukulu.

Asilikali a ku Nyasaland anamenyanso nkhondo imeneyi, ku Somaliland, Ethiopia, Madagascar ndi Burma. Makalata awo ankayenda pa positi ya asilikali, osati kudzera ku Geneva, chifukwa Geneva inali ya ogwidwa ndi osowa. Kumudzi kalatayo inkafikira ku boma kapena ku mishoni, ndipo mphunzitsi kapena mwana wa sukulu ndiye ankaiwerengera banja, n'kulembanso yankho. Izi zikutanthauza kuti mawu a mkazi kwa mwamuna wake ankadutsa m'kamwa ndi m'manja mwa anthu ena asanafike ku Burma, ndipo si zonse zimene mkazi angauze mwana wa sukulu kuti alembe.

Mapangano anayi a Geneva a 1949 ndi amene anapatsa ofesiyi maziko amene ilipo lero. Pangano lachitatu limati wogwidwa alembe khadi lopita kwa banja lake ndi lina lopita ku ofesi yaikulu pasanathe sabata, ndipo ngati womusunga achepetsa makalata, asatsike kupitirira makalata awiri ndi makhadi anayi pamwezi. Limalamulanso kuti dziko lililonse limene lili pa nkhondo likhazikitse ofesi yakeyake yosonkhanitsa mayina a adani amene lagwira, n'kumawatumiza ku Geneva. Pangano lachinayi linapereka ufulu wofananawo kwa anthu wamba. Zoonjezera za mu 1977 zinanena mosabisa kuti banja lili ndi ufulu wodziwa chimene chinachitikira m'bale wake. Mu 1960 ofesiyi inasiya kukhala yotsegula ndi kutseka, n'kukhala nthambi yokhazikika ya ICRC pansi pa dzina la Central Tracing Agency. Kuyambira 1955 mpaka 2012 ICRC inkayang'aniranso nkhokwe ya ku Arolsen m'dziko la Germany, yosunga zikalata za anthu amene anazunzidwa ndi a Nazi.

Nkhondo zotsatira zinaonetsa kuti kudikira kukhoza kutalika kuposa nkhondoyo. Iran ndi Iraq zinasiya kumenyana mu 1988, koma akaidi ena anabwerera kwawo patapita zaka zoposa khumi. Asilikali 404 omaliza a ku Morocco amene ankasungidwa ndi gulu la Polisario anamasulidwa mu Ogasiti 2005, ena atakhala m'chipululu zaka zoposa 20. Kwa anthu oterewa, uthenga wa Red Cross ndi umene unkawauza kuti mwana amene anamusiya akukwawa tsopano wakwatira. Ku Rwanda mu 1994 ntchito yaikulu inali yolemba ana masauzande ambiri amene anasiyana ndi makolo awo pothawa. Ku Bosnia kunasindikizidwa buku la mayina a osowa. Ku Somalia mayina ankawerengedwa pa wailesi ya BBC m'chinenero cha kumeneko. Kuno ku Malawi, pamene nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ya ku Mozambique inathamangitsira anthu oposa miliyoni imodzi ku Nsanje, Chikwawa, Mwanza, Mulanje, Ntcheu, Dedza ndi maboma ena, mauthenga a Red Cross ankawoloka malire kufunafuna abale otsala ku Tete ndi Zambezia, mpaka anthu anayamba kubwerera pambuyo pa pangano la mtendere la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992.

Masiku ano ntchitoyi ili ndi miyendo itatu. Ku Geneva kuli likulu, limene limasunga kaundula ndi kulandira mayina kuchokera ku maboma. M'maiko amene muli nkhondo muli maofesi a ICRC, amene nthumwi zake zimayendera ndende ndi misasa, kulemba dzina la wotsekeredwa aliyense, ndi kulankhula naye popanda mlonda kumvetsera. Kenaka pali mabungwe a Red Cross ndi Red Crescent a m'maiko, oposa 190, amene anthu awo ongodzipereka ndiwo amafika pakhomo, kufunsa kwa amfumu, kutchalitchi kapena kumzikiti mpaka mwini kalata atapezeka. Malawi Red Cross Society, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 1966, ndi limodzi mwa mabungwe amenewa. Kumsasa wa Dzaleka ku Dowa, umene unatsegulidwa mu 1994, imathandiza othawa kwawo ochokera ku Congo, Burundi, Rwanda ndi kwina kuimba foni ndi kutumiza mauthenga, ndipo pa ngozi zogwa mwadzidzidzi, monga namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, imalandira madandaulo a mabanja amene abale awo asowa.

Kuonjezera pa kunyamula mauthenga, ofesiyi imalandira mapempho ofufuza munthu, imabwezera ana kwa makolo awo, imapereka chikalata choyendera kwa amene alibe pasipoti, ndiponso imalemba umboni woti munthu anagwidwadi pa nkhondo, umene ena amafunira penshoni. Akatswiri ake amathandiza maboma kuzindikira mitembo kuti isaikidwe popanda dzina. Foni ndi makanema a pa intaneti zafulumizitsa zambiri, koma pepala lija silinathe ntchito, chifukwa m'ndende zambiri foni siloledwa. Lamulo lake ndi lakale lomwe lija: nkhani za m'banja zokha, palibe ndale, palibe za nkhondo, ndipo pepalalo silimatidwa. Pali lamulo linanso limene ofunsa ena limawawawa. Munthu akapezeka, amayamba wafunsidwa ngati akufuna kuti adziwike kumene ali, ndipo akakana, keyala yake siperekedwa. Kuyambira mu 2013 pali tsamba la pa intaneti la Trace the Face, pamene ofunafuna abale amene anasowa pa ulendo wopita ku Ulaya amaika zithunzi zawo zomwe, osati za wosowayo, kuti iye akawaona awazindikire.

Kusunga mayina m'makompyuta kwabweretsa ngozi yatsopano. Mu Januwale 2022 ICRC inalengeza kuti akuba a pa intaneti analowa m'makompyuta osunga mbiri za anthu oposa 515,000, ena mwa iwo otsekeredwa ndi othawa nkhondo. Kaundula amene amateteza munthu akhozanso kumupereka m'manja mwa amene akumusaka, n'chifukwa chake kuteteza zinsinsi zimenezi kwakhala chimodzi mwa zolinga zazikulu za bungweli. Mu Malichi chaka chomwecho linatsegula ofesi yapadera ku Geneva yoona za nkhondo ya Russia ndi Ukraine, imene imalandira mayina a ogwidwa ndi akufa kuchokera ku mbali zonse ziwiri n'kudziwitsa mabanja. ICRC yakhala ikudandaula poyera kuti siloledwa kufikira akaidi onse monga momwe mapangano amanenera, vuto lomwe lija la pakati pa Soviet Union ndi Germany. Bungweli lilibe asilikali kapena khothi. Limangodalira kukambirana mwachinsinsi ndi omenyana, ndipo amene amalidzudzula kuti limakhala chete mopitirira ali ndi mfundo, ngakhale kuti kukhala chete komweko ndi kumene kumalitsegulira zipata za ndende zambiri.

Zolinga zake panopa ndi kuonetsetsa kuti maiko akukhazikitsa maofesi awo olembera ogwidwa nkhondo isanayambe, kuti osamukira kunja osowa m'njira azifufuzidwa mofanana ndi osowa pa nkhondo, ndi kuti mabanja odikira azithandizidwa pa mavuto a chuma, malamulo ndi maganizo, pakuti mkazi amene mwamuna wake anasowa sakhala wokwatiwa kwenikweni komanso saloledwa kutchedwa wamasiye. Chaka chilichonse pa 30 Ogasiti bungweli limakumbukira nawo tsiku la anthu osowa.

Ngati muli ndi m'bale amene munasiyana naye chifukwa cha nkhondo, ngozi yogwa mwadzidzidzi kapena ulendo wa kunja, pitani ku ofesi ya Red Cross ya m'boma lanu. Tengani dzina lake lonse ndi mayina ena amene amadziwika nawo, mayina a makolo ake, mudzi ndi mfumu, malo ndi nthawi imene munamumva komaliza, komanso chithunzi ngati chilipo. Thandizoli ndi laulere, ndipo aliyense amene angakupempheni ndalama m'dzina la ntchitoyi mukamunene ku ofesi yomweyo.